Sergiy Stakhovsky: Mbiri ya Wosewera Tenisi wa ku Ukraine

Kubadwa ndi kukula kwake

Sergiy Stakhovsky anabadwa pa 6 Januwale 1986 mu mzinda wa Kyiv, womwe ndi likulu la dziko la Ukraine, kum'mawa kwa Ulaya. Pa nthawi imeneyo dzikoli silinali loima palokha, koma linali chigawo cha Soviet Union, mgwirizano wa mayiko omwe ankalamulidwa kuchokera ku Moscow, ndipo ufulu wodzilamulira unabwera mu Ogasiti 1991, mwanayu ali ndi zaka zisanu. Bambo ake anali dokotala ndipo mayi ake ankaphunzitsa pa yunivesite, choncho linali banja la anthu ophunzira, lotha kugula zida za masewero ndi kulipira aphunzitsi. Anayamba tenisi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akadali wachichepere anapita kukaphunzira masewerowa ku Czech Republic, dziko lomwe lakhala likutulutsa akatswiri a tenisi kwa zaka zambiri.

Stakhovsky sanafikepo pamwamba penipeni, ndipo n'chifukwa chake mbiri yake imaphunzitsa zambiri. Akatswiri otchuka omwe amaoneka pa wailesi yakanema ndi ochepa kwambiri, koma pansi pawo pali mazana a osewera omwe amayendayenda chaka chonse, lero kupambana mawa kugonja, kufunafuna ndalama zoti ziwafikitse ku mpikisano wotsatira.

Kaseweredwe ka tenisi

Tenisi ndi masewero a anthu awiri, kapena anayi akakhala awiriawiri, omwe amamenya kampira kachikasu ndi raketi, chida chokhala ndi chogwirira ndi mutu wolukidwa ndi zingwe zolimba. Bwalo lake ndi lotalika mamita 23.77, ndipo pakati pake pamadutsa neti, ukonde wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Wosewera amapeza pointi mnzake akalephera kubweza mpira usanadumphe kawiri, akaumenyetsa pa neti, kapena akautulutsa kunja kwa mizere.

Mapointi amasonkhanitsidwa n'kupanga gemu, ndipo woyamba kutenga magemu 6 atamusiya mnzake ndi magemu awiri ndiye watenga seti. Onse akafika pa magemu 6, amasewera gemu yapadera yodula mlandu, yotchedwa tie-break, ndipo seti yoteroyo imalembedwa 7-6. M'mipikisano yambiri amapambana ndi amene watenga maseti awiri, koma m'mipikisano ikuluikulu ya amuna pamafunika maseti atatu.

Mipikisano ikuluikuluyi ilipo inayi, ndipo imadziwika ndi dzina lakuti Grand Slam. Chaka chimayamba ndi Australian Open ku Melbourne, kenaka French Open ku Paris pa bwalo la dothi lofiira, Wimbledon ku London pa bwalo la kapinga, ndi US Open ku New York. Uliwonse umayamba ndi amuna 128, ndipo wogonja kamodzi amanyamula chikwama chake n'kubwerera.

Mndandanda wa osewera

Bungwe la ATP, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limayendetsa mipikisano ya amuna, limasunga mndandanda wa osewera potengera mapointi omwe aliyense wapeza m'masabata 52 apitawo. Mndandandawu ndiwo khomo la zonse, chifukwa amene ali pakati pa osewera pafupifupi 100 oyambirira amalowa mu Grand Slam mosavuta, pamene ena onse amayamba adutsa m'masewero odzigulira malo, kumene ndalama zake ndi zochepa ndipo oonerera sachuluka.

Stakhovsky anayamba tenisi monga ntchito yolipidwa mu 2003. Chaka chotsatira anafika mu ndime yomaliza ya US Open ya achinyamata, kumene anagonja kwa mnyamata wa ku Scotland, Andy Murray, yemwe pambuyo pake anadzakhala woyamba pa dziko lonse. Njira za awiriwa zinasiyana msanga, pakuti Murray anakwera mofulumira pamene Stakhovsky anatha zaka zingapo akuzungulira m'mipikisano ing'onoing'ono.

Mwayi wa ku Zagreb

Kumayambiriro kwa 2008 Stakhovsky anali pa nambala 209 pamene anapita ku mpikisano wa ku Zagreb, likulu la Croatia. Anagonja m'masewero odzigulira malo, ndipo mwa lamulo ulendo wake unayenera kuthera pomwepo. Koma wosewera wina yemwe anali kale ndi malo atatuluka, malowo anaperekedwa kwa iye, motsatira lamulo lakuti mpando wosiyidwa umatengedwa ndi mmodzi mwa omwe angogonja kumene. Munthu wolowa mwa njira imeneyi amatchedwa lucky loser, kutanthauza wogonja wamwayi.

Anapambana masewero asanu otsatizana, ndipo mu ndime yomaliza anagonjetsa Ivan Ljubičić, mwini mudzi, yemwe zaka ziwiri m'mbuyomo anali wachitatu pa dziko lonse, ndi maseti 7-5 ndi 6-4. Chiyambire 1991 panalibe wogonja wamwayi aliyense amene anatengapo chikho cha ATP.

Zikho zina zitatu zinabwera m'zaka ziwiri zotsatira: cha ku St. Petersburg mu 2009, kenaka cha ku 's-Hertogenbosch ku Netherlands ndi cha ku New Haven ku America, zonse mu 2010. Mu Seputembala 2010 anafika pa nambala 31, ndipo sanapitirirepo pamenepo. M'masewero a awiriawiri anatenganso zikho zinayi.

Tsiku la ku Wimbledon

Dzina la Stakhovsky limakumbukiridwa makamaka chifukwa cha tsiku limodzi, Lachitatu pa 26 Juni 2013. Anali atatsika kufika pa nambala 116, ndipo mu ndime yachiwiri ya Wimbledon anakumana ndi Roger Federer wa ku Switzerland, yemwe anali atatenga chikhochi kasanu ndi kawiri ndipo ndiye ankachisunga kuchokera chaka chapitacho. Federer anali atafika mu ndime ya osewera asanu ndi atatu otsiriza m'mipikisano ya Grand Slam 36 yotsatizana, kuyambira 2004, osaphonyako ngakhale umodzi. Stakhovsky naye anali asanagonjetsepo munthu aliyense wa pakati pa osewera khumi oyambirira.

Anasankha kaseweredwe kakale komwe ambiri anali atakasiya. Wosewera wa masiku ano amaima kumapeto kwa bwalo n'kumabwezerana mpira ndi mnzake kufikira wina atalakwitsa, koma Stakhovsky, yemwe ndi wamtali mamita 1.93, ankati akangoyambitsa mpira amathamangira pa neti kuti akaubweze usanagwe pansi. Kaseweredwe kameneka ndiko kanatchukitsa John McEnroe ndi Stefan Edberg, ndipo kanazilala chifukwa maraketi ndi zingwe zatsopano zinapatsa wobweza mpira mphamvu yoti audutsitse pambali pa munthu woima pa neti. Komabe pa kapinga mpira umaterereka ndipo sudumpha kwambiri, choncho wobwezayo sakhala ndi nthawi yokwanira yokonzekera. Wofooka akalola kubwezerana mpira nthawi yaitali ndi katswiri ngati Federer amagonja ndithu, ndiye nzeru inali kufupikitsa pointi iliyonse ndi kumumana mpata wokhazikika.

Federer anatenga seti yoyamba 7-6, koma Stakhovsky sanasinthe njira, ndipo anatenga maseti atatu otsatira 7-6, 7-5 ndi 7-6, patatha maola pafupifupi atatu. Manambalawa akuonetsa kuti awiriwa anasiyana pang'ono zedi, ndipo kupambanako kunatengera mapointi owerengeka omwe wa ku Ukraine anawasewera mosachita mantha.

Chimwemwe chake sichinakhalitse. Mu ndime yotsatira anagonja kwa Jürgen Melzer wa ku Austria, ndipo moyo wake wonse sanadutsepo ndime yachitatu ya Grand Slam. Chikho cha chaka chimenecho chinatengedwa ndi Andy Murray yemwe uja.

Nkhani ya ndalama

Wosewera mpira wamiyendo amalandira malipiro ku timu yake, yomwe imamulipiriranso ulendo, malo ogona ndi dokotala. Wosewera tenisi alibe bwana womulemba ntchito. Ndalama zake zimachokera pa mphotho za mipikisano, ndipo pa mphothozo ayenera kuchotsapo msonkho wa dziko lomwe waseweramo, matikiti a ndege, malipiro a kochi ndi chakudya cha onse omwe akuyenda naye. Ali ngati dalaivala wa minibasi ya ku Chelstone mu Lusaka, yemwe amayamba wapeza za mafuta ndi za mwini galimoto asanaone yake, ndipo tsiku lomwe wadwala salandira kanthu.

M'zaka zake zonse Stakhovsky anapata madola a ku America oposa 5 miliyoni pa mphotho. Chiwerengerochi chimamveka chachikulu, koma chiyenera kugawidwa pa zaka pafupifupi 19 ndi kuchotsapo zonse zatchulidwazi. Iye sankabisa mawu pa nkhaniyi, ndipo mu 2012 anzake anamusankha kukhala m'komiti yoimira osewera m'bungwe la ATP, pa nthawi yomwe osewera ankakakamiza eni ake a Grand Slam kuti awonjezere mphotho, makamaka za ogonja m'ndime zoyambirira. Kukakamizako kunaphula kanthu: wogonja mu ndime yoyamba ya Wimbledon analandira mapaundi 14,500 mu 2012, koma mu 2013 analandira 23,500. Ngakhale zinali choncho, mpata unali waukulube, poti wotenga chikho chaka chomwecho analandira mapaundi 1.6 miliyoni.

Panali mbali ina pomwe maganizo ake anali ovuta kuwateteza. Ankatsutsa zoti amayi azilandira mphotho zofanana ndi za amuna, ngakhale kuti mipikisano yonse inayi ya Grand Slam yakhala ikulipira mofanana kuyambira 2007, ndipo mu 2016 anatsutsana poyera ndi Murray pa nkhaniyi. Munthu amene ankamenyera olandira zochepa ankayenera kuona kuti dandaulo la amayi linali la mtundu womwewo.

Tenisi mu Lusaka

Kudula kwa masewerowa kumaonekanso m'mbiri ya mzinda wa Lusaka, likulu la Zambia. Mzindawu utakhala likulu la Northern Rhodesia (Zambia ya lero) mu 1935, atsamunda anagawa malo okhala potengera khungu, kotero kuti azungu anali ndi mapoloti akuluakulu ku Ridgeway, ndipo pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, pamene anthu akuda ogwira ntchito anapatsidwa tinyumba ting'onoting'ono ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Matero. Tenisi inkaseweredwa m'makalabu a azungu monga Lusaka Club, ndipo ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964 tsankho la khungu linatha, koma mtengo wa raketi, mipira, nsapato ndi ndalama yolowera kalabu unapitiriza kusankha anthu.

Mu 1970 Arthur Ashe, mwamuna woyamba wakuda kutenga chikho cha US Open, anafika m'Zambia pamodzi ndi Stan Smith pa ulendo wophunzitsa tenisi m'mayiko angapo a mu Africa. Dziko la Zambia linalowa mu Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, mu 1990, zaka zitatu dziko la Ukraine lisanalowemo palokha, ndipo mmodzi mwa omwe analiimira kwambiri ndi Lighton Ndefwayi. Kuyambira 2010 ana a m'makomboni ali ndi malo ena ophunzirirako masewero osiyanasiyana, kuphatikizapo tenisi, pa Olympic Youth Development Centre, m'mbali mwa msewu wa Great North. Bwalo lokha silikwanira, pakuti mapointi a pa mndandanda amapezeka m'mipikisano yomwe yambiri imachitikira ku Ulaya, ku Asia ndi ku America, ndipo mwana wa ku Kabwata, ngakhale akhale ndi luso lotani, amafunika womulipirira maulendo kwa zaka zambiri asanayambe kudzidalira.

Kupuma

Stakhovsky anakonzekera ukalamba wake akadali pa bwalo, poyamba ulimi wa mphesa ndi kupanga vinyo m'chigawo cha Zakarpattia, kumadzulo kwa Ukraine. Mu Januwale 2022, ali ndi zaka 36, anagonja m'masewero odzigulira malo a Australian Open kwa J. J. Wolf wa ku America, ndipo analengeza kuti wasiya tenisi.

Nkhondo

Patangotha masabata ochepa, pa 24 Febuluwale 2022, asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine. Stakhovsky anali pa tchuthi ku Dubai ndi banja lake. Anakasiya mkazi ndi ana ake atatu ku Budapest, likulu la Hungary, kumene ankakhala, ndipo iye anadutsa malire n'kukalowa m'gulu loteteza mzinda wa Kyiv, ngakhale kuti anali asanakhalepo msilikali. Osewera ena awiri opuma anachitanso chimodzimodzi: Andrei Medvedev, yemwe anafika mu ndime yomaliza ya French Open mu 1999, ndi Alexandr Dolgopolov, yemwe anafikapo pa nambala 13.

Nkhondoyi inagawanso anthu a tenisi. Eni ake a Wimbledon analetsa osewera a ku Russia ndi a ku Belarus mu 2022, ndipo mabungwe oyendetsa mipikisano ya amuna ndi ya amayi, poona kuti chiletsocho chikulanga anthu chifukwa cha dziko lomwe anabadwira, anachotsa mapointi onse a mpikisanowo.

Nkhondoyi inakhudzanso anthu a ku Zambia. Ophunzira omwe anali m'mayunivesite a ku Ukraine anathawa n'kubwerera kwawo maphunziro asanathe, ndipo mitengo ya feteleza, tirigu ndi mafuta inakwera pa msika wa dziko lonse. Pa 16 Juni 2023 Pulezidenti wa Zambia, Hakainde Hichilema, anali mmodzi mwa atsogoleri a mu Africa omwe anafika ku Kyiv, ndipo mawa lake ku St. Petersburg ku Russia, kukapempha mbali zonse ziwiri kuti zikambirane. Ulendowo sunathetse nkhondo, ndipo pa nthawi imeneyo Stakhovsky anali akadali msilikali.