Mbiri ya diripi: kuchokera ku Leith mpaka kumapiri a Dedza

Mwezi wa Juni ukalowa, chisanu cha ku Dedza chimafika mpaka m'wodi. Tawuniyi ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, ndipo phiri lomwe lili kumbuyo kwake limapitirira mamita 2,000. Nyengo yozizirayi ndi imene imabereketsa mbatata ya kachewere, koma kwa namwino wogwira usiku ndi chipsinjo, pakuti thupi likazizidwa mitsempha ya kumanja imafota n'kubisala. Taganizani za khanda lomwe lakhala likutsegula m'mimba kuyambira dzulo, labwera kumsana pa kabaza kuchokera cha ku Mayani kapena ku Lobi, liwombo lalowa, maso alowa. Mtsempha wake umakhala utaonda ngati ulusi, ndipo namwino ayenera kuupeza.

Amalawife diripi timaikhulupirira kwambiri. Wodwala akagonekedwa osamuika diripi, gadiyani amang'ung'udza kuti adokotala sanamuone bwino. Akamuika, uthenga umapita kumudzi kuti matenda akula koma thandizo lapezeka. Chikhulupiriro chimenechi sichopanda maziko, chifukwa diripi yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma mbiri yake ikutiuza kuti madzi a m'botolo lija ndi mankhwala, ali ndi mlingo ndi liwiro lake, ndipo zambiri zimene dziko likudziwa lero za mlingowo zidaphunziridwa m'zipatala za ku Africa kuno.

Idayamba ndi kolera. Mliriwu utafika ku Britain mu 1831, dokotala wachinyamata wa ku Ireland, William Brooke O'Shaughnessy, adayeza magazi a odwala n'kupeza kuti atha madzi ndi mchere. Adalemba kuti zimene zatayikazo ziyenera kubwezeredwa. Chaka chotsatira, 1832, Thomas Latta wa ku Leith, doko la ku Scotland, adalimba mtima n'kuyesa. Adalowetsa kampope mumtsempha wa gogo wina amene aliyense adali atamutaya kale, n'kumuthira madzi a mchere okwana malita atatu. Gogoyo adatsegula maso, kugunda kwa mtsempha kudabwerera, adayamba kulankhula. Koma kusanza ndi kutsegula m'mimba zitayambiranso, adamwalira patangopita maola ochepa. Ena mwa amene Latta adawathandiza pambuyo pake adachira, ambiri adafa. Iye mwini adamwalira mu 1833, mliri udatha, ndipo njirayo idaiwalika kwa zaka makumi angapo.

Zifukwa zake zimamveka tikaziona lero. Nthawi imeneyo za tizilombo toyambitsa matenda zidali zisanadziwike, choncho madzi ankalowa m'thupi ndi litsiro lake. Mlingo wa mchere udali wongoyerekeza. Zidatengera anthu angapo, aliyense kukonza kagawo kake. M'zaka za m'ma 1880, Sydney Ringer wa ku London, pofufuza ndi mitima ya achule, adapeza kuti mtima umafunanso kashiamu ndi potaziyamu kuti uzigunda bwino. Mu 1923 Florence Seibert wa ku America adaonetsa kuti kutentha thupi ndi kunjenjemera komwe kunkatsatira jakisoni wa mumtsempha kunkachokera ku poizoni wa mabakiteriya wotsalira m'madzi, ndipo adakonza njira yowayeretsera. Mu 1932 dokotala wa ana Alexis Hartmann adasinthako madzi a Ringer kuti athandize ana otsegula m'mimba, ndipo ndi omwe anamwino athu amangowatchula kuti Ringer's mpaka lero. Kanyula ya pulasitiki, yomwe imatsala mumtsempha singano ikatuluka, idayambitsidwa mu 1950 ndi David Massa ku Mayo Clinic. Kusanabwere kanyula, singano yachitsulo inkakhala momwemo, ndipo wodwala akangogwedeza mkono inkaboola mtsempha.

Choncho pamene ansembe a White Fathers ankakhazikitsa mishoni ya Mua kumunsi kwa mapiri a Dedza mu 1902, ngakhale zipatala zazikulu za ku Ulaya zidalibe diripi monga tikuidziwa ife. Chinthuchi n'chatsopano kuposa m'mene timaganizira.

Kolera idalowa m'Malawi mu 1973. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 1971, dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis adapezeka pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, odwala ali mbwee, mabotolo a diripi atatha. Adasakaniza mchere ndi shuga m'migolo ya madzi n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo. Imfa zidatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa anayi. Umo ndi mmene madzi akumwa omwe timawadziwa kuti Thanzi adadziwikira padziko lonse. Phunziro lake likadali lofunika: amene angathe kumwa, amwe. Diripi ndi ya amene wafooka kotheratu, amene akusanza chilichonse, kapena wakomoka.

Tidaziona ndi maso mu mliri womwe udayamba ku Machinga mu Malichi 2022, utangodutsa namondwe Ana. Udafika m'maboma onse, Dedza ali momwemo, n'kudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Malangizo a bungwe la WHO amati munthu wotheratu madzi alandire mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Bambo wa makilogalamu 60 ndiye kuti akufunika malita 6 m'maola atatu okha. Malita 6 ndi katundu wa makilogalamu 6, wa munthu mmodzi, tsiku loyamba. Werengerani odwala makumi awiri kumsasa wa m'mbali mwa nyanja, galimoto yobweretsa mabotolo ikutsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere nyengo ya mvula, mudzamvetsa chifukwa chake botolo lililonse loikidwa kwa munthu amene akadatha kumwa limalanda mnzake amene sangameze.

Nanga mtsempha ukakanika kupezeka? Apa dzina la Malawi limatchulidwa ndi ulemu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake adakonzanso kalandiridwe ka ana mu 2001, kuti mwana wodwalitsitsa asaime pamzere koma aonedwe pomwepo n'kuthandizidwa. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 kufika pa 6 mpaka 8. Ntchito ya ku Blantyre idathandiza kuumba maphunziro a ETAT, a kazindikiridwe ndi kathandizidwe kamsanga ka ana odwalitsitsa, omwe WHO idafalitsa mu 2005, ndipo azaumoyo m'zipatala za m'maboma amaphunzira zomwezi. Chimodzi mwa zimene amaphunzira n'chakuti usataye nthawi kubayabaya mwana amene akutsirizika. Singano ilowe m'fupa la msongolo, m'munsi pang'ono mwa bondo, chifukwa mafuta a m'fupa ali ndi timitsempha tomwe sitifota ngakhale thupi litauma. Mayi woona izi koyamba amagwira pamtima, ndipo ndi bwino kumufotokozera asanaganize kuti mwana akuzunzidwa. Madzi, shuga, mankhwala ngakhale magazi zimadutsa m'fupamo n'kufika kumtima mofulumira.

Kenako padachitika chinthu chomwe chidagwedeza madokotala a ana padziko lonse. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti mwana wotentha thupi amene magazi sakuyenda bwino, manja azizira, mtima ukuthamanga, athiridwe madzi ambiri mwachangu. Palibe adaziyesa mwa kafukufuku weniweni, zinkangooneka zanzeru. Kathryn Maitland ndi anzake adaganiza zoyesa m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, pa kafukufuku wotchedwa FEAST. Ana 3,141 adagawidwa mwamaere, ena kuthiridwa mwachangu, ena kulandira madzi pang'onopang'ono. Mu Januwale 2011 oyang'anira adaimitsa kafukufukuyo asanathe. Mwa ana othiridwa mwachangu, oposa 10 mwa 100 adamwalira m'masiku awiri, pamene mwa enawo adamwalira 7. Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti anamwino omwe ankawathirawo ankaona ndi maso awo anawo akutsitsimuka, monga Latta adaonera gogo uja. Kutsitsimukako kudali koona, koma imfa inkabwera pambuyo pake. Pakadapanda kuwerenga, palibe akadadziwa.

Ku Lusaka zidachitikanso kwa akuluakulu. Kafukufuku wa ku University Teaching Hospital, wofalitsidwa mu 2017, adatenga anthu 209 omwe matenda adawalowa m'magazi mpaka kuthamanga kwa magazi kutsika, ambiri mwa iwo ali ndi HIV. Mwa omwe adalandira madzi ochuluka mofulumira, 48 mwa 100 adamwalira m'chipatala, poyerekeza ndi 33 mwa omwe adathandizidwa mwa masiku onse. Madzi akachuluka amadzaza m'mapapo, ndipo pamene palibe makina othandiza kupuma, palibe pothawira.

Pano pafunika kusamala, kuti wina asamve molakwika. Ana otsegula m'mimba kwambiri, opsa ndi moto, ndi otupikana sadali nawo mu FEAST. Wa kolera ayenera kuthiridwa, ndipo mwachangu, chifukwa madzi ake atayikadi. Wa malungo aakulu kapena chibayo madzi ake ali m'thupi momwemo. Wotupikana mtima wake ndi wofooka, diripi yothamanga ingamuphe. Botolo ndi lomwelo, koma odwala ndi osiyana, ndipo WHO idasintha malangizo ake a ana mu 2016 poganizira zimenezi.

Boma la Dedza lili ndi nkhope ziwiri, kumapiri kozizira ndi kuchigwa cha Mtakataka ndi Golomoti komwe kumatentha ndipo udzudzu susowa. Akuluakulu a kuchigwako akukumbukira diripi ya kwinini, yomwe inkayenera kudontha maola anayi athunthu, katatu pa tsiku, makutu ali ngwee. Kwinini ikathamanga imasokoneza mtima, komanso imatsitsa shuga m'magazi. Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, pa ana 5,425 m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa, Mozambique ali momwemo, adapeza kuti mankhwala a malungo a artesunate adapulumutsa ambiri: adamwalira 8.5 mwa 100 poyerekeza ndi 10.9 pa kwinini. Artesunate amabayidwa m'kanyula mphindi zochepa, osafuna botolo lopachika. Kwa namwino mmodzi amene akuyang'anira wodi yodzaza nyengo ya dzinja, kusinthaku n'kwakukulu. Ndipo pa nkhani yoika magazi, kafukufuku wa TRACT, womwe udachitika ku Uganda ndi ku Blantyre pa ana pafupifupi 4,000 n'kufalitsidwa mu 2019, udapeza kuti mwana wochepa magazi amene thupi silikutentha amapindula akalandira magazi ochulukirapo, pamene wotentha thupi amapindula ndi ocheperapo.

Koma ngozi ina ili pa kanyula penipeni. Khungu ndi limene limatchinga tizilombo, ndipo kanyula ndi chiboo cholunjika m'magazi. Kwa nthawi yaitali lamulo m'maiko ambiri lidali loti kanyula izisinthidwa masiku atatu kapena anayi alionse. Mu 2012 namwino wofufuza wa ku Australia, Claire Rickard, adayesa lamuloli pa odwala 3,283. Kutupa kwa mtsempha kudapezeka mwa 7 pa 100 mbali zonse ziwiri, kwa osinthidwa potsata kalendala ndi kwa osinthidwa pokhapokha pakaoneka vuto. Kwa ife izi zikutanthauza makanyula opulumutsidwa ndi ana osabayidwa pachabe, koma pali chinthu chimodzi chomwe sitingachilumphe: ku Australia kuja kanyula inkayang'anidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yake ikatha inkachotsedwa. Kanyula yoiwalika pansi pa pulasitala yakuda, wodwala atayamba kale kumwa mapilitsi, ilibe phindu lililonse, yatsala ngozi yokha. Ngoziyo yakula masiku ano. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, omwe akhala akuyeza magazi a odwala ku Blantyre kuyambira 1998, adapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala odalirika monga ceftriaxone adachuluka kuchoka pa 12 mwa 100 mu 2003 kufika pa 90 mu 2016. Kusamba m'manja ndi kupukuta khungu ndi sipiriti, n'kudikira kuti aume, ndi ntchito ya masekondi ochepa yomwe ingateteze matenda amene mankhwala ake ndi osowa.

M'zipatala zolemera makina ndi amene amayeza liwiro la diripi. M'mawodi ambiri kwathu kuno ndi diso ndi wotchi. Pa chubu chofala, madontho 20 amapanga mililita imodzi, choncho lita imodzi yoti ithe m'maola 8 iyenera kudontha pafupifupi ka 42 pa mphindi. Kagudumu koyezera n'kapulasitiki, wodwala akapinda mkono madontho amaima, akautambasula amathamanga. Amene amakhala pambali pa bedi usiku wonse ndi gadiyani, ndipo ine ndimaona kuti sitimugwiritsa ntchito mokwanira. Atauzidwa mwa Chichewa chomveka, angathe kuitana namwino botolo lisanaume, dzanja likatupa kapena kufiira, pulasitala ikanyowa, mwana akayamba kubanika kapena zikope kutupa. Angauzidwenso mwaulemu kuti kagudumu kaja asakakhudze, ngakhale akufunitsitsa kuti botolo lithe msanga m'bale wawo achire.

Kafukufuku wamkulu amafuna ndalama zambiri, n'chifukwa chake amachitikira m'zipatala za m'mizinda. Komabe odwala ambiri amalandira diripi yawo yoyamba m'malo ngati Mtendere, Kasina, Mua kapena pa chipatala cha boma pa Dedza, komwe kumabweranso abale athu ochokera ku Angonia kutsidya kwa malire, ndipo ena amayenda nayo diripiyo mu ambulansi makilomita oposa 80 kupita ku Kamuzu Central. Mafunso a malo amenewa safuna makina odula. Kulemba tsiku pa pulasitala, kuwerenga kuti mwana wabayidwa kangati mtsempha usanapezeke m'mwezi wa Julayi poyerekeza ndi wa Okutobala, kuwerenga makanyula omwe akadali pamkono ntchito itatha, zonsezi ophunzira unamwino a ku Nkhoma kapena a ku Kamuzu University of Health Sciences angazichite ndi kope ndi cholembera pa nthawi yomwe ali m'mawodi.