Amtengatenga ndi Ulendo wa Kalata m'Dziko la Nyasaland

Boma la atsamunda litakhazikika m'chaka cha 1891 pansi pa Harry Johnston, linapeza kuti kulamula dziko lopanda misewu ndi chinthu chovuta zedi. Likulu linali ku Zomba, koma abwanamkubwa ang'onoang'ono, malo otolera msonkho ndi nyumba za boma zinali kutali, mwina ku Chiromo, mwina ku Karonga. Bwana wa ku Zomba sakanadziwa za katundu wa boma, za ndalama za msonkho kapena za denga limene lagwa popanda kalata. Motero positi inayamba ngati chida cha ulamuliro, osati ngati chithandizo kwa anthu wamba.

Kalata yochokera ku Ulaya inkafika pa doko la Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Kuchokera apo sitima zapamadzi zinkakwera nayo mu Zambezi ndi mu Shire. Koma mathithi a m'Shire sankalola sitima kupitirira, ndipo pamtunda thumba la makalata linkagwera pamutu pa munthu.

Anthu amenewa ndiwo amtengatenga. Boma linkawapatsa yunifolomu, chisoti ndi mfuti yodzitetezera ku zilombo, pakuti mikango ndi akambuku zinali zosasowa m'njira za masiku amenewo. Ankayenda wapansi, ambiri opanda nsapato, usana ndi usiku, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Mtsinje ukadzaza, mtengatenga ankasamala thumba kuposa thupi lake, chifukwa kalata yonyowa inali mlandu. Pakati pa Blantyre ndi Zomba, pa Namaka m'boma la Chiradzulu, panamangidwa kanyumba kopumirako. Wochokera ku Zomba ndi wochokera ku Blantyre ankakumana pamenepo, n'kusinthana matumba, aliyense n'kubwerera kwawo. Kanyumbako kanadzasandulika nyumba yosungiramo zinthu zakale. N'zachisoni kuti mabuku a boma anasunga bwino maina a akuluakulu a positi, pomwe maina a anthu amene anatha zidendene m'njirazo anatayika.

Njanji inapeputsa mtolowo pang'onopang'ono. Sitima yapamtunda inalumikiza Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa pa Zambezi unatha ndipo njanji inafika ku Salima. Malole nawonso anayamba kulowa m'misewu yafumbi.

Pofika nthawi imeneyo kalata inali itasintha ntchito. Amuna ambiri anali ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia. Mayi wa kumudzi ankadikira envulopu yokhala ndi ndalama za msonkho ndi za fizi ya mwana, ndipo ikachedwa, banja linkagona ndi nkhawa, osadziwa ngati bambo ali moyo kapena wasanduka mtchona.

Kunyanja nkhani inali ina. Anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu analibe njira ina koma ya pamadzi. Sitima ya Vipya itamira mu 1946 ndi anthu oposa 140, panabwera Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. M'madoko opanda poimikapo sitima, Ilala inkaima patali ndi gombe, matumba a makalata n'kutsikira m'maboti pamodzi ndi chimanga, mankhwala a m'chipatala ndi mabuku a sukulu.