Mawu a Anthu Opikisana Liwiro ku America

Makolo athu, pamene anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, sanadziwe kuti kutsidya kwa nyanja kudzabadwa anthu amene adzayesa mawu amenewa lamulo la masewera awo. Pakuti ku America, makamaka ku Texas kumene mpikisano wa TX2K umasonkhanitsa khamu chaka ndi chaka, kuli mpikisano wa galimoto wotchedwa roll racing, umene opikisana sayambira chiimire ayi, koma amayenda mogundizana mapewa pa liwiro limene apangana, kaya mamailosi 40 pa ola kaya 60, kufikira chizindikiro chitaperekedwa. Iwo amene amachita zimenezi mozemba pa misewu ya anthu onse, chizindikiro chawo ndi hutala wolira katatu. Ndipo podziwa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, akafunsidwa kumene anapikisanira amayankha mwanthabwala kuti kunali ku Mexico.

Kuyambira chiimire amakutcha dig, ndiko kunena kukumba. Galimoto zotchedwa muscle cars, zija za injini ya masilinda asanu ndi atatu yozunguza matayala a kumbuyo, mbumba ya Pontiac GTO ya 1964 pamodzi ndi Ford Mustang, Chevrolet Camaro ndi Dodge Challenger, zimasautsika ndithu pa chiyambi chotere, popeza mphamvu ikachuluka matayala amangopalasa pansi ndi kufuka utsi, osapita patsogolo. Poyambira galimoto ikuyenda kale, vuto limenelo lachepa; chotsala ndi nzeru ya dzanja ndi phazi.

Apa ndi pamene munthu wa galimoto yosintha magiya ndi dzanja amaonekera ngati ali katswiri kapena wongotengeka. Asanamve hutala ayenera kukhala atasankha giya imene iika injini pamene mphamvu yake yagona: akasankha yapamwamba, injini imadzuka mwaulesi mnzake atapita kale, akasankha yapansi, imabangula bwino koma mpweya umaithera msanga, ndipo asinthe giya mpikisano utangoyamba kumene. Kusintha kulikonse ndi ngongole, chifukwa pamene phazi lili pa kilatchi injini yalekana ndi matayala, pomwe wa otomatiki pambalipo sakupuma konse. N'chifukwa chake anatulukira chimene amati power shift, kusintha giya osachotsa phazi lamanja pa moto, ngakhale giyabokosi imalipira ndi mano ake. Liwu limene ine limandigwira mtima koposa onse ndi money shift, kusintha kwa ndalama. Munthu ali pa giya yachitatu, injini ili pa mapeto a kuzungulira kwake, akufuna yachinayi. Dzanja lonjenjemera likokera ndodo chakumanzere pang'ono, nilowa yachiwiri. Phazi likangochoka pa kilatchi, matayala ndiwo akakamiza injini kuzungulira kupyola malire, ndipo kachipangizo koletsa kuzungulira kopitirira sikangathe kuipulumutsa, popeza kamangodula moto kapena petulo, osati liwiro lochokera ku matayala. Mavavu akumana ndi mapisitoni, ndipo dzinalo likwaniritsidwa kwa makaniko.

Tsono pali botolo la mpweya wowonjezera mphamvu. Mpweya wa nitrous oxide, umene Joseph Priestley anaupeza m'chaka cha 1772, umene madokotala a mano amapatsa odwala kuti asamve ululu, ndiponso umene Ajeremani anathira m'injini za ndege zawo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, eni masewerawa amangoutcha spray kapena juice, ngakhalenso NOS, dzina la kampani ina youkonzera zipangizo. Anthu ambiri amayesa kuti umayaka wokha, koma si tero. Ntchito yake ndi kunyamula okosijeni, amene pa kulemera ali magawo 36 pa 100 alionse a mpweyawu, pamene mu mpweya umene timapumawu ali magawo 23 okha, ndipo ukatenthedwa mu silinda umasweka n'kumasula okosijeniyo kuti petulo wambiri apse. Umaziziritsanso mpweya wolowa, popeza umawira pa madigiri 88 kunsi kwa ziro. Muyeso wake amautcha shot: wonena kuti ali ndi 100 shot akutanthauza mphamvu ya akavalo 100 yowonjezera pa imene injini inabadwa nayo. Zipangizo zimene amati zonyowa zimathira mpweyawu pamodzi ndi petulo wake. Zouma zimathira mpweya wokha, petulo n'kudzera njira yake ya masiku onse. Petuloyo akaperewera, kutentha kumasungunula pisitoni monga phula pamoto, ndipo amene ayamba ndi 100 nasirira 150, nakhumbanso 200 osalimbitsa za m'kati mwa injini, akumbuke pusi uja anagwa chagada.

Botolo ndi ndodo ya magiya zikakumana m'galimoto imodzi, pamafunika mkhalapakati, ndiye window switch, kachipangizo kololeza mpweyawu kulowa pokhapokha injini ikuzungulira pakati pa malire awiri, kuyambira cha pa 3,000 pa mphindi kufikira pafupi ndi mapeto. Pakuti ukalowa injini ili pansi, kapena pamene dalaivala waphonya giya injini n'kugunda malire ake, moto ukhoza kubwerera m'njira ya mpweya n'kuphulitsa zonse za pamwamba pa injini. Ndipo asanayambe, dalaivala amatsegula kampopi kotchedwa purge kuti achotse nthunzi yotsalira m'paipi, madzi okhaokha a m'botolo afike pakhomo pa injini. Mizati iwiri yoyera ngati mtambo imatumphuka patsogolo pa galasi ndi mkokomo wa njoka yolusa, ndipo mnzake wa pambali, amene mwina anauzidwa kuti galimotoyo ili monga inachokera ku fakitale, adziwira pomwepo chimene wapangana nacho.