Stefano: Dzina la Nsangamutu ya Masamba

Kukangocha pambuyo pa Khirisimasi, pa 26 Disembala, wansembe amavula zoyera n'kuvala zofiira, pakuti timakumbukira Stefano Woyera, woyamba kufera Khristu. Tili nawo a Stefano m'mabanja mwathu, koma ndi angati mwa ife adafunsapo kumene dzinali lidachokera?

Dzinali ndi la Chigriki, Stephanos, ndipo limatanthauza nsangamutu. Tisafulumire kuganiza za chisoti cha mfumu, chifukwa chimenecho Agriki ankachitcha diadema. Stephanos inali nkhata yolukidwa ndi masamba, imene ankaveka munthu wopambana pa mpikisano. Ku Olympia, kumene masewera ankachitika zaka zinayi zilizonse, ankailuka ndi nthambi za olivi wakuthengo. Masiku ochepa chabe, masambawo afota. Komabe anyamata ankadzizunza miyezi yambiri pofuna kuilandira. Ndipo polemba za minga imene asilikali adaveka Ambuye Yesu, Mateyo, Marko ndi Yohane adasankha mawu omwewa.

Nanga munthu wa mu Mpingo wa ku Yerusalemu adakhala bwanji ndi dzina lachilendo? Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, silibisa kuti kumeneko kudabuka madandaulo. Okhulupirira olankhula Chigriki ankati amasiye awo akuiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sadakane mlanduwo. Adauza gulu lisankhe amuna asanu ndi awiri, ndipo maina a onsewo ndi a Chigriki: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmenasi ndi Nikolasi. Dzina palokha si umboni wokwanira, poti Andrea mtumwi nayenso dzina lake ndi la Chigriki. Koma onse asanu ndi awiri? Ife tikuona kuti udindo wogawa udaperekedwa kwa mbali yomweyo imene inkadandaula, chinthu chovuta kwambiri kwa amene adazolowera kugwira chipande.

Stefano sadathere pa kugawa chakudya. Adalalika pamaso pa Bungwe Lalikulu, namtulutsira kunja kwa mzinda ndi kumponya miyala, iye akupempherera omupha. Mboni zidaika zovala zawo pa mapazi a mnyamata wina, Saulo. Patapita zaka pafupifupi 20, Saulo yemweyo, tsopano Paulo, adalembera Akorinto, amene ankadziwa bwino masewera a pa Isthmus pafupi ndi mzinda wawo. Powakumbutsa kuti othamanga amavutikira mphotho yofota pamene ife tikulondola yosafota (1 Akorinto 9:25), mawu amene adalemba m'Chigriki ndi stephanos.