Madzi a Karonga sanayambe kuvuta ndi mgodi

Mukafunsa pa msika wa Karonga kuti mtsinje wa North Rukuru unayamba liti kudetsa nkhawa, ambiri amaloza kumapiri a kumadzulo n'kunena kuti zonse zinabwera ndi mgodi wa yureniamu. Mawuwa ali ndi pogwira, koma ine sindikhutira nawo. Mavuto a mtsinjewu, womwe umachokera ku Nyika n'kukathira m'nyanja pafupi ndi tauni, monganso a mitsinje ina ya ku Karonga, ndi akale kuposa mgodiwo.

Za makedzana tingonena mwachidule. Angonde ankakhala m'chigwa cha nthochi ndi ng'ombe pansi pa ulamuliro wa Kyungu, ndipo madzi osefukira ankawasiyira dothi lachonde. Mu 1890 Britain ndi Germany anagwirizana kuti mtsinje wa Songwe ukhale malire. Koma Songwe sakhala malo amodzi. Amasintha njira, moti munda umene unali ku Malawi umatha kupezeka uli ku Tanzania mvula ikatha.

Kusintha kwakukulu kunabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, pamene boma linatsegula masikimu a mpunga ku Hara, Wovwe ndi Lufilya. Madzi anayamba kupatutsidwa m'ngalande, kugawidwa motsata ndandanda. Mpunga wa Kilombero unatchukitsa Karonga dziko lonse. Chimene sichinaganiziridwe mokwanira n'chakuti ngalande imadalira phiri. Kumtunda mitengo inkagwa chifukwa cha minda, nkhuni ndi makala, ndipo mchenga unkatsikira kumunsi chaka ndi chaka. Pofika m'ma 2000, masikimu ataperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi, alimiwo analandira ngalande zokwiririka ndi zitseko zadzimbiri. Pitani m'sikimu mwezi wa Okutobala muone. Wa kumapeto kwa ngalande amadzuka pakati pa usiku ndi tochi ndi khasu kukatsegula madzi amene mnzake wa kumtunda watseka ndi matope, ndipo kukacha ndi milandu.

M'mwezi womwewo, m'makwawa ambiri mumakhala mchenga wokhawokha. Amayi amagwada pakati pa khwawa, kufukula dzenje lofika m'chigongono, n'kudikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono, kenaka kumatunga ndi kambale kuthira m'ndowa. Ikafika Malichi kapena Epulo, khwawa lomwelo limakokolola milatho ndi nyumba. Madzi alipo ambiri, koma amabwera onse pakamodzi n'kupita.

Tsopano za mgodi. Unayamba ntchito mu 2009, chaka chomwe zivomezi zinagwedeza Karonga mu Disembala, ndipo unaimitsa kukumba mu 2014 mtengo wa yureniamu utagwa pa msika wa dziko lonse. Kukumba kunaima, koma mvula sinaime. Madamu osungira madzi a pamgodi ankadzazabe, ndipo eni ake anapempha chilolezo choti aziyeretsa madziwo n'kuwatayira mu Sere, mtsinje umene umathira mu North Rukuru. Nkhaniyi itamveka, mafumu, mipingo ndi mabungwe anaikana kwamtuwagalu. Mkangano uli mkati, kumayambiriro kwa Januwale 2015 kunagwa chimvula chomwe chinawononga thanki ina pamalopo, madzi ena n'kusefukira. Eni mgodi anati palibe choopsa chimene chinafika mumtsinje. Pambuyo pake m'chaka chomwecho madzi oyeretsedwa anayamba kutayidwa, ndipo eni mgodiwo anati anali okwanira pa muyezo wa madzi akumwa.

Mwina zinalidi choncho. Koma mayi wochapa ndi kutunga kumunsi kwa Sere analibe njira yodziwira. Zoyeza zinkachitika, zotsatira zake n'kukhala m'mafayilo, m'Chingelezi cha akatswiri, kutali ndi mudzi. Nsomba zikafa paliponse, mphekesera zinkathamanga kuposa choonadi, ndipo amene ankakhulupirira mphekeserazo sitingawanene kuti ndi mbuli. Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lokhudza migodi ya ku Karonga, kuphatikizapo ya malasha, ndipo dandaulo lalikulu la anthu linali lomweli: sauzidwa zimene zili m'madzi awo.

Apa m'pamene ndimaona kuti panalakwika, ndipo panalakwika kalekale. Mtsinje ndi umodzi, koma tinaugawa zidutswazidutswa: wa nkhalango ndi gawo lake, wa ulimi wothirira lake, wa migodi lake, wa mipope ya m'tauni lake. Wotentha makala kumtunda ndi mlimi wa mpunga kumunsi sanakhalepo pa bwalo limodzi. Malamulo abwino alipo. Lamulo la madzi la 2013 limalola kuti chigwa chilichonse chikhale ndi komiti yoyang'anira mtsinje wonse, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ku Songwe, Malawi ndi Tanzania anasainirana mgwirizano mu 2017 woti aziyendetsera mtsinjewo limodzi.

Mu 2025 mgodi uja unayambanso ntchito uli m'manja mwa eni atsopano. Ndikufuna kudzaona zotsatira za kuyeza madzi a Sere zitamatidwa pa sukulu ndi pa bwalo la mfumu, m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, mwezi uliwonse.