Kucokera ku Citsamba ca Galega Kufika ku Metformin

Mbiri ya metformin, mankhwala ofala a matenda a shuga, imasonyeza kuti nzeru za azitsamba zimalozera njira, koma muyezo wotetezeka umapezeka mwa kufufuza. Kalekale asing'anga a ku Ulaya ankapatsa anthu okodza pafupipafupi citsamba cochedwa Galega officinalis. Komabe citsambaci ncaululu, moti nkhosa zikacidya cambiri zimafa.

Mu 1914 Georges Tanret wa ku France anapatulamo galegine, ndipo mu 1918 kunapezeka kuti guanidine, wa gulu lomwelo, amatsitsa shuga m'magazi a akalulu. Emil Werner ndi James Bell anapanga metformin ku Dublin mu 1922, koma insulin, amene anayamba kuperekedwa kwa odwala ku Toronto caka comweco, anatenga cidwi ca madokotala onse. Synthalin, wa gululi, anasiyidwa cifukwa ankawononga ciwindi.

Mu 1957 Jean Sterne wa ku Paris anafalitsa zimene anapeza atayesa metformin pa odwala, namucha Glucophage, kutanthauza wakudya shuga. Ku America anamuloleza mocedwa, mu 1994, popeza phenformin, wofanana naye, anali ataletsedwa mu 1977 cifukwa cocurukitsa asidi m'magazi. Kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain anaonetsa mu 1998 kuti metformin amacepetsa imfa pakati pa odwala onenepa. Mankhwalawa amaletsa ciwindi kutulutsa shuga wambiri, ndiponso amacepetsako mafuta oipa m'magazi. Conco cimene odwala amamwa lero si citsambaco, koma cipatso ca zaka zambiri za kuyesa.