Kodi klorokwini anapita kuti?

Amayi, m'sewero lathu la pa wailesi lija munamva agogo akukangana ndi mpongozi wao pa khonde, mwana ali gone pa mphasa thupi lili moto. Agogowo amati kale ankangogula klorokwini pa golosale, mwana n'kudzuka m'mawa mwake, tsono za mapiritsi a masiku atatuzi n'kuchulutsa gaga m'diwa. Pamene tinkakambirana za seweroli ndi amayi a kusikelo kuno ku Zomba, ambiri anaikira kumbuyo agogowo. Wina anafunsa mosapsatira kuti, "Nanga klorokwiniyo anamuchotseranji ngati ankachiza?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi mbiri imene inachitikira m'dziko lathu lomwe lino. Tiyeni tiitsate kuyambira pa chiyambi.

M'chaka cha 1861 amishoni a ku Mangalande anamanga malo ao ku Magomero, kum'mwera kwa Zomba. Mankhwala a malungo amene ankadziwika nthawi imeneyo anali kwinini yekha, wochokera ku khungwa la mtengo wina wa ku South America. Mtsogoleri wao, Bishopu Charles Mackenzie, ali pa ulendo wa pa madzi bwato lake linagubuduka ndipo mankhwala anatayika. Anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Palibe amene ankadziwa kuti wobweretsa matendawa ndi udzudzu. Zimenezi anazitsimikiza ndi Ronald Ross ku India mu 1897, pamene Zomba anali atakhala kale likulu la boma la atsamunda kuyambira 1891. Azungu aja ankangoona kuti m'mphepete mwa phiri ndi pamwamba pake anthu sadwala kwambiri monga kumunsi, nkumangako nyumba zao. Mpaka lero zili choncho: pamwamba pa phiri pamazizira, ndipo kachirombo ka malungo kamachedwa kukhwima m'mimba mwa udzudzu. Koma mukatsetsereka ndi mtsinje wa Likangala kulowera ku Jali ndi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene kuli madambo ndi minda ya mpunga, malungo amakhala ngati mnansi.

Klorokwini anapangidwa ku Germany mu 1934, koma anafala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anali wotchipa, wosavuta kusunga, ndipo ankachizadi. Agogo a m'sewero aja sananame. Amayi anga amakumbukira kuwawa kwake ndi kuyabwa kwa thupi kumene ena ankamva akamwa, komabe amati mwana ankatsitsimuka msanga. Ine klorokwini sindinamupeze kwenikweni, ndinakulira Fansida.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, muyenera kudziwa kadyedwe ka kachiromboka. Dzina lake la kuchipatala ndi Plasmodium falciparum. Kakalowa m'magazi kamabisala m'timbulumbulu tofiira ta magazi nkumadya zam'kati mwake. Pakudyapo pamatsala nyenyeswa zapoizoni, ndipo kachirombo kamaziunjika pamodzi kuti zisakapweteke, monga momwe mayi amaolera phulusa lamoto nkuliika pambali. Klorokwini amalowa m'kachifu ka kachiromboko ndi kulepheretsa kuunjikako, kachirombo nkufa ndi zinyalala zake zomwe.

Tsono m'thupi la mwana mmodzi wodwala kwambiri mumatha kukhala tizirombo mabiliyoni. Kalikonse kali ndi malangizo a chibadwa chake olembedwa m'kati mwake, amene akatswiri amawatcha DNA. Zigawo za malangizowa amazitcha majini. Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa tsiku lina nditatchula liu limeneli pa sikelo mayi wina anadzidzimuka poganiza kuti ndikunena majini a mizimu aja amagwira anthu. Ai, awa ndi ena. Awa ndi amene amachititsa kuti mwana atengere mphuno ya bambo wake kapena msinkhu wa agogo ake. Tizirombo tikamaswana timakopera malangizowa, ndipo mwa apo ndi apo pamachitika kaphonyo, monga mwana wa sukulu akamakopera za pa bolodi. Zophonya zambiri sizithandiza kanthu, zina zimapha kachirombo komweko. Koma kamodzi mwa kamodzi kuphonyako kumapatsa kachirombo mwai. Ena amati tizirombo "tinazolowera" mankhwala, ngati kuti tinachita kuphunzira. Sichoncho. Mankhwala anapha tonse tofooka, kosinthika kaja nkutsala kokha, nkuswana, udzudzu nkukatengera kwa mwana wa pa nyumba ina. Ndi momwe zimakhalira mukathira mankhwala ochepa m'thumba la chimanga: anankafumbwe opirira amatsala, ndipo ana ao ndi amene mudzawapeze m'nkhokwe.

Tizirombo tosamva klorokwini tinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku malire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia. Mu 1978 tinapezeka kum'mawa kwa Africa, ku Kenya ndi Tanzania, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinali titafika kwathu kuno. Anamwino akale amasimba za nthawi imeneyo: mwana amwa mankhwala, thupi lizizira masiku awiri, sabata yamawa wabweranso, m'manja ndi m'zikope muli mbee chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Amayi ankanenedwa kuti sakupereka mankhwala bwino, chonsecho vuto linali m'kachirombo.

Mu 1993 Unduna wa Zaumoyo unachita chinthu chimene dziko lina lililonse mu Africa linali lisanachite. Unachotsa klorokwini pa mankhwala oyambirira a malungo m'dziko lonse, nuikapo SP, amene tonse timamudziwa ndi dzina loti Fansida. Maiko oyandikana nafe anapitiriza ndi klorokwini kwa zaka zina zingapo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakomera. Mu 2000 akatswiri a ku America anapeza jini yeniyeni imene imateteza kachirombo ku klorokwini, naitcha pfcrt. Kachirombo kosinthika pa jini imeneyi kamatha kutulutsa klorokwini m'kachifu kake asanagwire ntchito. Atadziwa malo ake, kunali kotheka kuyeza ngakhale kadontho ka magazi akale nkuona ngati munali tizirombo tosamva. Madokotala a ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi anzao a ku University of Maryland anayeza magazi amene anasungidwa chaka ndi chaka ku Blantyre. Mu 1992, pa odwala 100 alionse, 85 anali ndi tizirombo tosinthikato. Pofika 2000 chiwerengero chinatsika kufika pa 13. Mu 2001 sanatipezenso m'magazi amene anayeza.

Zimenezi zinadabwitsa anthu, choncho mu 2005 anayesa pa chipatala cha Ndirande, mosamala ndi moyang'aniridwa ndi madokotala. Anatenga ana 210 odwala malungo, ena anawapatsa klorokwini, ena Fansida, nawatsata kwa masiku 28. Klorokwini anachiza 99 pa ana 100 alionse. Fansida anachiza 21 okha. Mankhwala amene anatayidwa zaka 12 m'mbuyomo anali atayambanso kugwira, ndipo amene analowa m'malo mwake anali atafooka.

Zinatheka bwanji? Ganizirani za munthu amene wavala chijasi chochindikala. Pamwamba pa phiri la Zomba m'mwezi wa Juni iye ndi amene angapirire, anzake ovala malaya opyapyala akunjenjemera. Koma mutsitsireni ku Kachulu mu Okutobala, mumuuze apikisane ndi anzakewo pa liwiro ali chivalire chijasicho. Adzatsala m'mbuyo. Kusinthika kwa jini ija kunali ngati chijasi chimenecho. Kunkateteza kachirombo pamene klorokwini anali m'magazi a anthu ambiri, koma kunkakalemera. Klorokwini atachoka, tizirombo tosavala chijasi tinayamba kuswana msanga kuposa tinzake, mpaka tinadzaza dziko.

Panali funso linanso: kodi tizirombo tosamva tija tinavula chijasi, kapena tinangogonjetsedwa? Akatswiri omwewo anawerenga zizindikiro za DNA zoyandikana ndi jiniyo, monga momwe mungadziwire mtundu wa munthu pofunsa mfunda wake ndi kwao kwa makolo ake. Zotsatira zinatuluka mu 2010. Anapeza kuti tizirombo tomva klorokwini sitinali tathereratu ai. Tinali titatsala tochepa, ta mabanja osiyanasiyana, ndipo mpata utapezeka tinachulukanso. Kuwerenga kotereku kunaululanso chinthu china. Tizirombo tosamva klorokwini timene tinavutitsa Africa sitinabadwire kuno. Makolo ake anachokera ku Asia, kudera lija la Thailand ndi Cambodia, ndipo tinafika m'magazi a anthu apaulendo. Chimodzimodzinso kusinthika kwakukulu kumene kunafooketsa Fansida. Ntchito yonseyi inapepuka kuyambira 2002, pamene malangizo onse a chibadwa cha kachiromboka anawerengedwa kwa nthawi yoyamba, napezeka kuti kali ndi majini oposa 5,000.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukuganiza: ndiye tibwezereni klorokwini wathu. Chonde musakamufune kwa ogulitsa mankhwala m'misika. Tizirombo ta chijasi tikadalipo m'maiko ena, ndipo anthu amayenda. Klorokwini atabwerera yekha m'nyumba iliyonse, kuzizira kuja kwabwereranso, ndipo wa chijasi apambananso. Phunziro limene madokotala anatolapo ndi loti mankhwala amodzi asamatumidwe okha ku nkhondo.

Ndi chifukwa chake mu 2007 dziko lathu linasinthira ku LA. M'piritsi limodzi la LA muli mankhwala awiri. Oyamba, artemether, ndi ochokera ku chomera china cha ku China. Mai wina wasayansi wa kumeneko, Tu Youyou, analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito yake pa chomerachi. Amenewa amapha tizirombo tambiri mofulumira koma sakhalitsa m'thupi, pakangopita maola ochepa atha. Achiwiri, lumefantrine, amagwira pang'onopang'ono ndi kukhala m'magazi masiku angapo, kusesa totsalira. Kachirombo kamene kapulumuka kwa woyamba kamakumana ndi wachiwiri. N'kovuta kuti kachirombo kamodzi kakhale ndi zijasi ziwiri nthawi imodzi.

Mungafunse kuti nanga Fansida wofookayo timakumwetseraninji kusikelo ya amayi oyembekezera? Pochiza mwana wodwala iye sakwanitsanso, koma kwa mayi woyembekezera amene sakudwala amathandizabe kuti mwana abadwe ndi sikelo yabwino. Malawi anayamba njira imeneyi mu 1993 momwemo. Mumamwa mapiritsi atatu pamaso pa namwino, kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, kamodzi pa mwezi, kosachepera katatu mimba isanathe. Ngati mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku, uzani namwino, chifukwa awiriwa sayendera limodzi.

Mbiriyi sinathe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ku Cambodia komwe kuja, madokotala anaona tizirombo tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether. Mu 2014 anapeza jini yake, yotchedwa kelch13. Aliyense ankayang'ana ku Asia poopa kuti tibwera ndi apaulendo monga kale. Koma mu 2020 kunamveka kuti ku Rwanda kwapezeka tizirombo tosinthika pa jini imeneyi, mu 2021 ku Uganda, kenako ku Eritrea ndi kumpoto kwa Tanzania. Powerenga DNA yake anapeza kuti ta ku Rwanda ndi ku Uganda sitinachokere ku Asia. Tinabadwira mu Africa momwe muno. Tanzania timagawana naye malire ku Songwe, ndipo mabasi amadutsa tsiku lililonse.

Mwezi wina mvula ili pakati ndinachezera mayi wina kumunsi kwa tauni, mwana wake atadwalanso patangopita masabata awiri. Ananditulutsira kachitini ka pa windo, m'kati muli LA wotsala, mapiritsi atatu. Anati mwana anayamba kusewera tsiku lachiwiri, ndiye anasungira mng'ono wake poti kuchipatala n'kutali ndipo kabaza ndi ndalama. Sindinamukalipire, ndani sadziwa mtengo wa ulendo? Koma ndinamufotokozera zimene ndakufotokozeranizi. Mwana akadzuka tsiku lachiwiri, amene wagwira ntchito ndi mankhwala oyamba aja. Tizirombo tolimba tikadali m'magazi, ndipo osesa aja sanakwane. Totsalato ndi timene udzudzu udzatenge usiku umenewo.

LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Koyamba kuchipatala, kachiwiri pakapita maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa mwana, ndiye phukusi la wamkulu musagawire wamng'ono. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ngati mwana wayamwa kapena wadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala lotendera nsinjiro. Akasanza atangomwa kumene, mupatseninso, ndipo mukatengeko ena kuchipatala olowa m'malo mwa amene atayikawo. Yambani mwayezetsa magazi pa chala, popeza si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Ndipo ngati mwana wamaliza mapiritsi onse koma thupi likutenthabe, kapena akukomoka, akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika muwauze anamwino tsiku limene anayamba kumwa LA ndi tsiku limene anamaliza, kuti alembe m'buku lake la kuchipatala.